Apongozi akuti matenda a khungu a mwana ndabwera nawo ine, ndi zoona?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Johannesburg. Mwana wawo wamkazi wazaka 6 wagonekedwa kale kawiri, khungu limayamba kuwotcha ngati wathiridwa madzi otentha kenako timatuza ting'onoting'ono todzaza mafinya timangoti mbwee thupi lonse, thupi kutentha, mwana kumanjenjemera. Madokotala akuti ndi generalized pustular psoriasis, mwachidule GPP, ndipo anatchulapo za majini. Nde akufunsa kuti: "Apongozi akuti matendawa ndabwera nawo ine kuchokera kwathu. Ndi zoona? Nanga ndikabereka wina adzadwalanso?"

Mayi, pepani kaye, kuona mwana akulephera olo kuvala malaya chifukwa cha ululu si zinthu zocheza. Komanso majini akunena adokotalawo si aja a mizimu aja ayi, ndi malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu, theka timatenga kwa bambo theka kwa mayi.

Matendawa anawalongosola koyamba dokotala wina wobadwira ku Austria, Leo von Zumbusch, cha m'ma 1910, koma kwa zaka pafupifupi 100 palibe ankadziwa gwero lake. Zinayamba kumveka mu 2011 pomwe akatswiri anafufuza mabanja 9 a ku Tunisia momwe anthu angapo pakhomo limodzi ankadwala, ndipo anapeza vuto pa jini yotchedwa IL36RN. Chaka chomwecho gulu lina ku London linapeza jini yomweyo mwa odwala osakhala pachibale.

Jini imeneyi ntchito yake ndi kupanga mabuleki. Pakhungu pali uthenga wotchedwa IL-36 umene umaitana asilikali a m'thupi pakachitika vuto, nde mabuleki aja akakhala owonongeka uthengawo susiya, asilikali amangobwerabe n'kumaunjikana pansi pa khungu popanda mdani woti amenyane naye. Mafinya mukuwaonawo ndi asilikali omwewo, mulibe tizilombo. N'chifukwa chake matendawa sapatsirana, mwana mutha kumubereka kumbuyo, kugona naye, kudya naye mbale imodzi.

Tsopano za apongozi. Ngati mwana wanu vuto lake ndi IL36RN, kawirikawiri zimakhala kuti watenga jini yowonongeka mbali zonse ziwiri, imodzi kwa inu ina kwa bambo ake, pomwe nonse awiri muli bwinobwino chifukwa aliyense ali ndi ina yabwino yomuteteza. Ndiye kuloza chala inu nokha n'kulakwa, ndipo zimandiwawa kuti nthawi zonse mayi ndi amene amasenzetsedwa mlandu. Palibe anasankha. Zikakhala choncho, pamimba iliyonse mpata woti mwana atenge zonse ziwiri ndi 1 mwa 4, ndipo siziwerengera kuti poti woyamba wadwala atatu otsatira apulumuka ayi, mimba iliyonse imayambiranso payokha.

Koma musafulumire kuwerengera. Odwala ambiri a GPP akayezedwa vuto la IL36RN silipezeka, ena limapezeka pa majini ena ngati CARD14 kapena AP1S3, ena osapezeka kalikonse. Afunseni adokotala a khunguwo ngati angamuyeze mwanayo n'kukutumizani kwa alangizi a za majini, ndipo amuna anu mupite nawo akadzimvere okha.

Kafukufukuyu sanathere m'mabuku. Mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala a spesolimab, amene amatseka njira ya IL-36 yomwe ija, ngakhale ndi odula kwambiri ndipo m'malo ambiri sapezeka.

Panopa chofunika kwambiri ndi ichi mayi, ngati akumwa mapilitsi ngati prednisolone musamusiyitse mwadzidzidzi nokha, zimenezo zimadzutsa matendawa, chimodzimodzinso chimfine kapena zilonda zapakhosi. Mukangoona timatuza tayamba thupi likutentha, olo ndi usiku, thamangirani kuchipatala, osadikira kuti kuche.