Mwana akufuna kusiya koleji kuti akhale wanthabwala ngati Jerry Seinfeld

Mayi ena a ku Lilongwe alemba kuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 19 wakhoza bwino MSCE ndipo wapeza malo ku koleji, koma akukana kupita. Akufuna kukhala wanthabwala, uja amaima yekha pa siteji ndi maikolofoni. Tsiku lonse amakhalira kuonera pa foni munthu wa ku America wotchedwa Jerry Seinfeld, n'kumati ameneyu analemera ndi pakamwa basi. "Bambo ake akuti amuthamangitsa pakhomo, ine ndili pakati. Kodi zimenezi ndi ntchito?"

Amayi, pepani kuti pakhomo pavuta chonchi. Funso lanu ndiliyankhe msanga: inde, kuseketsa anthu ndi ntchito, ndipo alipo amene amadyetsa nayo mabanja. Koma mwanayo wasankha munthu amene mbiri yake ikumutsutsa. Seinfeld sanasiye sukulu, ndipo chuma chake sichinachokere pakamwa pokha.

Jerry Seinfeld anabadwa pa 29 Epulo 1954 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, m'banja la Chiyuda, n'kukulira ku Massapequa pa Long Island. Bambo ake, a Kalman, ankalemba zikwangwani za masitolo ndipo ankakonda kusunga nthabwala zimene anamva. Makolo a mayi ake, a Betty, anali Ayuda ochokera ku Aleppo ku Syria. Ali ndi zaka 16 anakagwirako ntchito yongodzipereka ku Israel, pamudzi waulimi wogwirira ntchito limodzi umene kumeneko amati kibbutz. Atatha sekondale analowa koleji ku Oswego, kenako anasamukira ku Queens College komwe anatenga digiri ya zofalitsa mauthenga ndi zisudzo mu 1976. Chaka chomwecho anakaima pamaso pa anthu pakalabu yotchedwa Catch a Rising Star, usiku umene aliyense wofuna kuyesa amapatsidwa mphindi zochepa. Digiri inali kale m'manja.

Zaka zotsatirazo n'zimene mwana wanu sanazione pa foni. Masana Seinfeld ankagwira maganyu, kuphatikizapo kugulitsa mababu a magetsi poimbira anthu lamya. Usiku ankazungulira makalabu, nthawi zambiri osalandira kanthu, n'kumadikira mpata woti alankhule kwa anthu ochepa otopa. Mu 1980 anapeza kagawo kakang'ono m'sewero la pa kanema lotchedwa Benson. Atangoonekamo katatu anamuchotsa, ndipo palibe anamuuza. Anafika pamalo owerengera sewero n'kupeza kuti pepala lake palibe. Ndimakonda kuwafotokozera achinyamata nkhani imeneyi chifukwa manyazi otere amagwetsa anthu ambiri mphwayi mpaka kalekale. Iye anabwerera kumakalabu kuja. Mu Meyi 1981, ali ndi zaka 27, anaonekera pa pologalamu ya Johnny Carson ya The Tonight Show, yomwe nthawi imeneyo inali khomo lalikulu la anthabwala onse ku America. Zinamuyendera bwino, komabe anapitiriza kuyenda mzinda ndi mzinda kwa zaka zina 8.

Sewero limene linamutchukitsa, lomwe limadziwika ndi dzina lake, analiyambitsa ndi mnzake Larry David, ndipo linaonetsedwa koyamba pa kanema wa NBC mu Julayi 1989. Anali ndi zaka 35. Kuyambira usiku uja wa 1976 panali patadutsa zaka 13. Nalonso silinayambe bwino. Anthu amene anaonetsedwa gawo loyamba sanalikonde, moti NBC inangolola zigawo zina zinayi zokha. Linadzakula pang'onopang'ono mpaka kufika zigawo 180, ndipo gawo lomaliza, pa 14 Meyi 1998, linaonedwa ndi anthu pafupifupi 76 miliyoni. Pa zisudzo zenizeni Seinfeld sankafika pa anzake atatu amene ankasewera nawo, Jason Alexander, Julia Louis-Dreyfus ndi Michael Richards, ndipo ankadziwa zimenezo. Mphamvu yake inali kulemba.

Apa m'pamene ndikufuna muimepo, amayi, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Seinfeld amalemba nthabwala zake pamanja, ndi bolopeni, pamapepala achikasu. Nthabwala imodzi yokha, yonena za kabisiketi kotsekemera kodyera m'mawa kotchedwa Pop-Tart, anailemba ndi kuikonza kwa zaka ziwiri. Ankachotsa liwu ili, n'kusuntha lija, kuwerenga ngakhale kutalika kwa mawu kuti liwu loseketsa lifike pomaliza penipeni. Akalemba, amakaiyesa pamaso pa anthu. Ikakanika amabwerera nayo papepala. Mapepala amenewa anawasunga kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2020 anatulutsa buku lochokera m'menemo. Satukwananso pa siteji, ndipo nkhani zake n'zazing'ono zomwe aliyense amaziona koma osazilabadira: sokosi imene imasowa pochapa, kuima pamzere m'sitolo, zochitika m'ndege. Kuseketsa anthu ndi sokosi popanda kutukwana kapena kunyoza munthu ndi luso lovuta kwambiri, ndipo ine ndimalipatsa ulemu.

Sewero lija litatha anachita chinthu chimene chimandisonyeza kuti munthuyu amaikondadi ntchito yake. NBC inamulonjeza madola 5 miliyoni pa gawo lililonse kuti apitirize, iye anakana. Anasiya nthabwala zake zonse zakale, n'kubwerera kumakalabu ang'onoang'ono kukayambiranso ndi zatsopano. Filimu ya 2002 yotchedwa Comedian imamuonetsa ataima pa siteji, waiwala mawu, anthu ali duu kumuyang'ana. Mwana wanu aionere imeneyo.

Za ndalama, mwanayo amve bwino. Zambiri zinabwera chifukwa Seinfeld anali mmodzi wa oyambitsa ndi eni ake a sewerolo, ndiye likamaonetsedwanso pa makanema ena iye amalandirapo gawo. Mu 2019 Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, inagula ufulu wolionetsa pa mtengo umene malipoti anati unaposa madola 500 miliyoni, zogawana eni ake onse. Munthu amene sadziwa kuwerenga kontrakiti, kapena sadziwa kuti ntchito yake ili ndi umwini, sangapeze zotere ngakhale ataseketsa dziko lonse. Kuno kwathu nkhani za umwini wa zaluso zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA (Copyright Society of Malawi), ndipo wachinyamata aliyense wofuna kudya za luso lake ayenera kulidziwa bungwe limeneli.

Palinso china chimene Seinfeld anachipeza chokonzeka. Ayuda a ku New York anali ndi mwambo wautali wa nthabwala. Pa nthawi imene mahotela ambiri ankakana kulandira Ayuda, iwo anali ndi awoawo kumapiri a Catskill, ndipo kumeneko anthu ngati Mel Brooks, Jackie Mason ndi Jerry Lewis ankaphunzirira kuseketsa alendo. Pofika nthawi ya Seinfeld, mumzinda munali makalabu monga The Improv ndi Comic Strip, moti munthu ankatha kuima pa siteji usiku uliwonse. Mwana wanu alibe mwayi umenewo, pakuti malo otere kuno ndi ochepa ndipo ogula matikiti si ambiri. Komanso tisabise, ambiri amene ankadikira mpata limodzi ndi Seinfeld m'makalabu amenewo palibe akuwadziwa lero.

Sindikunena kuti Mmalawi sangathe. Izeki ndi Jakobo anaseketsa dziko lino kwa zaka zambiri. Daliso Chaponda anayamba nthabwala ali wophunzira ku Canada kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, anasamukira ku Britain, ndipo dziko linadzamudziwa mu 2017 atakhala wachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent. Nayenso anadikira zaka zoposa 15.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Mwanayo apite ku koleji, ndipo musamuuze kuti asiye nthabwala. Ziwirizi sizilimbana. Kunena zoona, koleji ndi malo abwino koposa amene angapezeko anthu omumvetsera: kuli zochitika za ophunzira, magulu a zisudzo, ndi anthu mazanamazana amene si abale ake. Ngati mpata wosankha maphunziro ulipo, zautolankhani, zofalitsa mauthenga, zilankhulo kapena zisudzo zingamuthandize mwachindunji, ndipo University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa zisudzo. Koma ngakhale ataphunzira zowerengera ndalama sataya kanthu, chifukwa zimene adzagwire masana n'zimene zidzamulipirire lendi pa zaka zomwe siteji sikumupatsa kanthu.

Kenako mupangane naye za chaka chimodzi. Agule kope la nthabwala zokha, azilembamo tsiku lililonse, ngakhale mphindi 30, zimene waona mu minibasi, pachigayo, pamzere wa kubanki. Pa zonsezo akonze mphindi 5 zokha zoti anene. Zimaoneka zochepa, koma amene anayesapo amadziwa kuti kuseketsa anthu osakudziwa kwa mphindi 5 kumatuluka thukuta. Akaziyese paliponse pamene angaloledwe, kaya pamsonkhano wa achinyamata kutchalitchi, kaya pa zochitika za kukoleji. Apemphe kuthandizana ndi oyendetsa mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati, chifukwa kumeneko kuli ndalama pang'ono ndipo munthu amaphunzira kuwerenga nkhope za anthu a misinkhu yonse. Nthawi iliyonse azijambula mawu pa foni, akafika kunyumba amvetsere pamene anthu anaseka ndi pamene anangokhala chete, akonze, akayesenso. Mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok aziika ndithu, koma asamayese luso lake ndi anzake a m'kalasi amene amaseka chifukwa chomukonda.

Kwa bambo ake, muwapemphe modzichepetsa kuti asamuthamangitse. Mwana wothamangitsidwa amasowa zonse ziwiri, sukulu ndi nthawi yolemba, n'kumangosaka pogona. Muwafotokozere kuti chimene mukumupempha mwanayo n'chovuta kuposa kumuletsa, pakuti ayenera kukhoza m'kalasi komanso kudzaza kope lija.

Chaka chikatha, mukhale pansi nonse atatu mulitsegule. Likakhala ndi masamba awiri okha, mwanayo adzaona yekha kuti chimene ankasirira chinali kutchuka, ndipo adzakhala ali pa sukulu osataya chilichonse. Likakhala lodzaza, lofufutidwafufutidwa, ndipo wayamba kuitanidwa ndi anthu amene simukuwadziwa, mundilemberenso tikambirane za mitengo yoti azitchula, za kontrakiti, ndi mmene angagawire nthawi yake mpaka atamaliza digiri.