Nkhomaliro ya pakhomo: kodi ndalama imapulumukadi?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti chiyambireni kugwirira ntchito kunyumba, ndalama ya nkhomaliro siinatsike, chifukwa 12 koloko ikakwana amatuma wakabaza kukawagulira tchipisi ndi nkhuku. Akufunsa kuti: "Kodi kuphika ndekha kungandithandizedi, poti makala nawonso akwera ndipo nthawi yophikira ndilibe?"

Achemwali, ndalama imapulumuka, koma osati mukamakoleza mbaula masana aliwonse. Chimene chimadya makala ndi nthawi si nsima, ndi ndiwo. Nsima ya munthu mmodzi madzi akangowira yatha. Nyemba ndiye zija zimakhala pamoto mpaka makala atasanduka phulusa. Choncho ziviikeni m'madzi kuyambira m'mawa, madzulo muphike mphika waukulu pa moto womwewo wa chakudya chamadzulo, mupatule za mawa musanapakulire banja. Ndikunenetsa: musanapakule. Mukati muona zotsala, ana sasiya kanthu.

Masana ntchito yanu ingokhala kutenthetsa ndi kufwafwaza masamba. Mpiru kapena chisoso ndi tomato mmodzi sizichedwa. Usipa ndi bonya wouma gulani wambiri mukalandira malipiro, amasungika popanda filiji, nanga si magetsi athuwa mukuwadziwa. Kugula kamulu tsiku ndi tsiku pa benchi ndi kumene kumatha ndalama mwakachetechete, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ine nsima ya masana ndinaichepetsa. Ndikadya mitanda itatu, 2 koloko imandipeza ndikuwodzera pa kompyuta, mutu uli gwa. Masiku ena ndimangodya futali wa mbatata, kapena chinangwa chophika ndi tiyi. Nsinjiro zimagwira m'mimba mpaka madzulo. Mpunga wotsala wokha samalani nawo: uzizire msanga, usagone pofunda m'nyengo yotentha, ndipo potenthetsa utenthe mpaka kutuluka nthunzi.

Kuti mukhulupirire, tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, muwonkhetse zonse zimene munatumizira wa tchipisi ndi wakabaza mwezi wathawu. Musaiwale ka Fanta kaja. Kenako yerekezani ndi mtengo wa nyemba, usipa ndi masamba a mwezi umodzi.

Pali china chimene simunafunse. Anthu akadziwa kuti mumakhala pakhomo, alendo amayamba kufika nthawi ya nkhomaliro yeniyeni, ndipo kwathu kuno sitidya mlendo akuyang'ana. Kwa ine kunkabwera achimwene ena Lachiwiri lililonse, ati akudutsa chabe. Sindinawathamangitse ayi, ndinangoyamba kuviika nyemba zochulukirapo Lolemba m'mawa. Tsiku limene ndinawapatsa chinangwa ndi tiyi wopanda mkaka anadya bwinobwino, anathokoza, koma papita masabata atatu osaoneka.