Kabuku ka malangizo a Ceph kakamatsalira m'mbuyo

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti wangoyamba kumene ntchito yoyang'anira maseva a Ceph, pulogalamu yosungira deta pa maseva ambiri olumikizana, ndipo amene analipo kale anasiya kabuku ka malangizo komwe sikakugwirizana ndi zimene makinawo akuchita. Akufunsa kuti atani kuti zolembazi zisamakalambe.

Achimwene, yambani ndi version. Lembani lamulo la ceph versions pa seva muone imene muli nayo, chifukwa Ceph imasintha kwambiri. Kabukuko kakamatchula ceph-deploy, chida choikira Ceph pa maseva, dziwani kuti n'kakale: chida chatsopano cha cephadm chinabwera ndi version ya Octopus mu 2020, ndipo ceph-deploy anasiya kuisamalira. FileStore, njira yakale yosungira deta pa disk, nayonso inalowedwa m'malo ndi BlueStore kuyambira pa version ya Luminous mu 2017. N'chifukwa chake pa docs.ceph.com version iliyonse ili ndi masamba akeake, ndipo ambiri amasokonezeka poti Google yawaponya pa tsamba la version ina. Pamwamba pa tsamba lililonse lanu muzilemba version ndi tsiku limene munayesa malangizowo.

Koma chachikulu n'chakuti zolembazo zisamakhale kwazokha. Ziikeni mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, pamodzi ndi mafayilo a config, monga amachitira eni ake a Ceph: foda ya doc ili mu repository imodzimodzi ndi code. Ndiye mugwirizane kuti wosintha makina azisinthanso zolemba nthawi yomweyo. Zoti "ndilemba mawa" musazilole, ngakhale atanena ndi abwana.

Musataye nthawi kulemba zimene makina angakuuzeni okha. Chiwerengero cha ma OSD, mapulogalamu osunga deta pa ma disk, chimasintha, ndipo ceph osd tree imakuonetsani pompopompo. Lembani zimene makina sanganene. Bwanji pool iyi, chigawo chosungiramo deta, imasunga makope atatu? Bwanji CRUSH rule, lamulo losankha poika deta, imamwaza deta pa ma rack osiyana? Magetsi akathima, batire ya UPS n'kuyamba kulira, seva yoyamba kuzimitsa ndi iti? Izi zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo akachoka amapita nazo. Ine zimandipweteka kwambiri, chifukwa wovutika amakhala wobwera kumene ngati inuyo, usiku, deta ya anthu ili pachiswe.

Kenako ziyeseni. Patsani mnzanu tsamba losinthira disk yakufa, pa makina oyeserera, inu mukhale pambali osayankhula. Akaiwala ceph osd set noout, lamulo loletsa Ceph kusamutsa deta seva ikazima, asanazimitse sevayo, kapena akacheuka kuti akufunseni, pamenepo ndiye pali poperewera. Konzani tsambalo musanadzuke pampando, ndipo mubwerezenso mukangokweza version.