Nyimbo yomaliza ya The Smiths sinali yotsanzikira

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti nyimbo ya The Smiths yotchedwa "Last Night I Dreamt That Somebody Loved Me" imamugwetsa misozi, ndiye akufunsa ngati anyamata a ku Manchester aja anaijambula akudziwa kuti bandi yawo ikutha.

Ayi achimwene, sankadziwa. Nyimboyi inatuluka payokha mu Disembala 1987, bandi itatha kale. Anaijambula kumayambiriro kwa chakacho ku situdiyo ya Wool Hall, kufupi ndi Bath, limodzi ndi zinzake za m'chimbale cha Strangeways, Here We Come, onse anayi akugwirabe ntchito pamodzi. Johnny Marr, woimba gitala, anachoka chapakati pa chaka ali ndi zaka 23 zokha. Chimbale chinatuluka mu Seputembala, ndipo kampani ya Rough Trade inkangotapamo nyimbo imodziimodzi. Iyi inangopezeka kuti ndiyo yatsekera mzere.

Kuti imaluma mtima, sindikukana. M'chimbalemo imayamba ndi piyano yoyenda mwakachetechete kwa mphindi pafupifupi ziwiri, chapansipansi kukumveka phokoso la chinamtindi cha anthu, kenako zoimbira zonse n'kugwa nthawi imodzi, Morrissey, woimba wa bandiyi, n'kulowa ndi mawu ake. Ineyo ndikafika pamenepo ndimasiya chilichonse chimene ndagwira. Koma maliro amene timamvamo timabwera nawo tokha, chifukwa tikudziwa zimene zinatsatira.

Ngati mukufuna kumva pamene mng'alu unaonekera, tembenuzani mbale ya "Girlfriend in a Coma", yomwe inatuluka mu Ogasiti 1987. Kuseri kwake kuli "Work Is a Four-Letter Word", nyimbo yakale ya Cilla Black. Anaijambula mu Meyi ku Streatham, mumzinda wa London, ndipo aka kanali komaliza kuti anayiwa alowe limodzi mu situdiyo. Morrissey ndiye ankaifuna. Marr wakhala akunena poyera kuti ankadana nayo, ndipo sanayambitse bandi kuti aziimba zoterozo. Ndi kanyimbo kopepuka, ambiri amangokadumpha, koma kwa ine kutha kwa bandiyi kumamvekera mmenemo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bandi yotchuka chonchi inalibe manijala wokhazikika. Marr, mnyamata yemweyo wopeka nyimbo, ndi amenenso ankasenza zambiri za makontirakiti, maulendo ndi mafoni. Munthu angapirire mpaka liti? Za ndalama zinadzaphulika pambuyo pake: mu 1996 Mike Joyce, woimba ng'oma, anawina mlandu kukhoti atadandaula kuti ankalandira 10 peresenti pamene Morrissey ndi Marr ankatenga 40 aliyense.

Ngakhale konsati yawo yathunthu yomaliza, ku holo ya Brixton Academy ku London pa 12 Disembala 1986, sinalengezedwe kuti ndi yotsanzikira. Anaimba, anthu n'kubwerera kwawo, patatha miyezi yochepa bandi n'kulowa mu situdiyo kukajambula nyimbo imene ikukulizaniyo.