Ng'ombe yagwa itangobereka? Kaigwireni makutu

Mayi inu amene mukufunsa za ng'ombe yanu yomwe yagwa itangobereka, siyani kaye foni, thamangani kukhola mukaigwire makutu. Ngati azizira ngati madzi a mumtsuko ndi nthenda ya milk fever imeneyo, mchere wonse wa calcium wa m'magazi wathawira mu mkaka woyamba wachikasu uja, ndipo imagwira masiku atatu oyambirirawa, makamaka zazikulu zamkaka wambiri. Yanuyo mwati yabereka dzulo eti? Ndi nthawi yake yeniyeni.

Yanga ku Mitundu kuno inali yamkaka ya mtundu wa Friesian, bere lachinayi, inabereka Loweruka usiku bwinobwino. Lamulungu madzulo ndikuiona ikudzandira ngati yamwa kachasu, kenako khu pansi, mutu kuupindira kunthiti, ndowe osatuluka, mimba kuyamba kufufuma kumanzereku, maso ali tong'o ine ndili ndi tochi mvula ikuwaza kamwana kakulira pambali. Ndinaimbira mkulu wina amadzitcha dokotala wa ziweto, anabwera pa njinga yamoto cha m'ma 9, osaiyeza nkomwe kutentha, akuti yangotopa iyi bwana. Anaibaya jakisoni wa antibiotic ndi mavitamini, ndalama m'thumba, nkundiuza kuti ndiimwetse madzi a shuga ndi botolo. Ine uchitsiru ndinamwetsadi, mabotolo awiri, osadziwa kuti ng'ombe ikafika pamenepo siimeza, madzi onse analowera m'mapapo. Mpaka lero ndimamva mmene inkatsamwira muja.

Mmawa alangizi enieni anabwera ndi calcium borogluconate, anaifunditsa kaye m'madzi nkuilowetsa mumtsempha wa pakhosi pang'onopang'ono, ola lisanathe inageya, kunyera, kudzuka! Tinavina. Patatha masiku anayi inafa ndi chibayo cha madzi a shuga aja. Mkulu uja foni yake mpaka pano siipezeka, koma ndimamuona pamsika akugulitsabe mankhwala owambidwa ndi dzuwa, manyazi alibe.

Ndiye anthu awa musamawakhulupirire, botolo la calcium muzisunga nokha pakhomo. Komanso musayerekeze kubaya nokha mumtsempha, mukafulumizitsa mtima umaima pompo, pezani dokotala usiku womwe uno. Podikirapo isagone chammbali, itsamiritseni ndi matumba ikhalire pachifuwa, muziitembenuza pakapita maola angapo, pakamwa musathire kanthu.

Kutsogoloku muziisiya kukama masiku 60 isanabereke, isanenepe kwambiri, ndipo masabata atatu omalizawo chepetsani laimu ndi masangwi a mtedza, calcium akachuluka nthawi imeneyo thupi limachita ulesi kutapa wa m'mafupa. Ine ndinkaithirira laimu m'madeya tsiku lililonse ndimvekere ndikuikonda. Mwina wolakwa ndinali ine ndemwe kaya, koma madzi a shuga aja ayi ndithu.