Mayi wotupa nkhope musamuthamangire ndi GA

Achimwene, za mayi wanu wa BP yokwerayo, wofunika opaleshoni ya caesar, amene akuti mungomugoneka GA (mankhwala ogonetsa tulo thupi lonse) poti spinal (jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi) ichedwetsa, ine zinandionekerapo ndipo mpaka lero mtima umagunda ndikakumbuka.

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, ndili ndekha pa call pachipatala china chaching'ono. Mayi wa pre-eclampsia (matenda a BP yokwera pa mimba), nkhope ndi manja zotupa, mtima wa mwana ukutsika. Nditamuuza kuti ayasamule ndinangoona lilime lokhalokha, Mallampati 4 yeniyeni (chizindikiro choti chubu chopumira chivuta kulowa), khosi ngati palibe. Ndinati tibaye spinal. Bambo amene ankapanga opaleshoniyo, magolovesi atavala kale, anandikalipira pamaso pa anamwino kuti mwana akafa lipoti ndilemba ndekha. Ndinagonja, ndinavomera GA.

Oxygen mphindi zitatu, ketamine yomugonetsa, sux yofewetsa minofu. Kulowetsa laryngoscope (chipangizo chounikira pakhosi), nyali ikungoti phethi phethi, mabatire atha mphamvu. Ndinaona kansonga ka epiglottis (kachivindikiro ka njira ya mpweya) basi, zingwe za mawu osaoneka n'komwe. Chubu cha 7.0 chinalowera kummero wa chakudya, mimba kuyamba kufufuma. Capnograph (makina otsimikizira kuti chubu chili m'njira ya mpweya) tinalibe, ndinazindikira ndi stethoscope. Kuchotsa, kuyesanso, pakhosi pali magazi, suction ikukoka ngati yadya nsima yambiri. Kamakina ka Lifebox koyeza oxygen pachala kanayamba kutsitsa mawu, inu mukudziwa kulira kwake kuja. 88. 79. 66. Milomo ya mayi kuda bii. Ndinakuwa kuti bougie, kandodo kotsogolera chubu! M'drowa mulibe, wina anaitenga masana osabweza. Ndiye bambo aja mpeni uli m'manja akundifunsa kuti tiyambe kodi? Tiyambe chiyani, munthu sakupuma!

Inandipulumutsa LMA (kachipangizo kopumira kokhala pamwamba pa kholingo) ya size 4 yomwe ndinkasunga m'chikwama changa. Ndinauza namwino kuti amasule cricoid pressure (asiye kudinikiza pakhosi), LMA inalowa, chifuwa chinakwera. Manambala anayamba kubwerera pang'onopang'ono, manja anga akunjenjemera pa bag. Opaleshoni yonse tinapanga pa LMA, ndikupemphera kuti asasanze. Mwana anatuluka akulira, mayi anadzuka akudandaula pakhosi pokha.

M'mawa pa handover bambo aja anauza gulu lonse kuti wa anaesthesia anachedwetsa caesar. Za mabatire, omwe ndinali nditapempha katatu ku stores, palibe anatchula. Za bougie, ziii. Munthu amene anandikakamiza uja ndiye anatuluka ngwazi. Sindinamukhululukirebe, ndinene zoona.

Tsono mverani. Mayi woyembekezera oxygen imamuthera msanga kwambiri, chiberekero chimakankha mapapo m'mwamba pomwe thupi likudya oxygen yochuluka, ndipo pre-eclampsia imatupitsa njira ya mpweya, moti tengani chubu cha 6.5 kapena 6.0, osati 7.0 ngati ine. Muikireni mapilo kumsana ndi kumutu mpaka khutu lifanane ndi kadzenje ka pamwamba pa chifuwa. Yatsani laryngoscope musanapereke mankhwala aliwonse. Malangizo a 2015 a OAA ndi DAS, mabungwe a akatswiri ogoneka odwala, akuti kwa mayi wa caesar yesani kulowetsa chubu kawiri, kachitatu akhale munthu wodziwa kuposa inu, zikakanika ikani LMA kapena mask, cholinga ndi oxygen osati chubu. Mpweya ukakana paliponse, boolani kutsogolo kwa khosi ndi mpeni wa nambala 10, lowetsani bougie ndi chubu cha 6.0.

Spinal ndiyo, musalole wina akuthamangitseni. Komabe ma platelets (tizigawo tothandiza magazi kuundana) akakhala otsika kwambiri kapena mtima wa mwana ukungotsikabe, musataye nthawi kubaya msana kasanu, gonekani GA mwakonzeka. Ndipo itanani thandizo msanga, ngakhale ine usiku uja ndikanaitana ndani, mnzanga anali kumaliro kumudzi. Mabatire panopa ndimagula ndi ndalama zanga, bougie imagona m'thumba la yunifolomu.