Kwa mayi a ku Lizulu amene mwana wawo akufunika opaleshoni ya mtima

Mayi, mwafunsa ngati mulole kuti mtsikana wanu wa zaka 16 achitidwe opaleshoni ya valavu ya mtima, poti achibale akuti munthu akang'ambidwa pamtima sadzukanso. Amadzuka ndithu. Mng'ono wanga, amene ndinamudwazika kuno ku Dedza, lero akupalira mbatata yekha.

Mtima uli ndi tizitseko tinayi, timene amati mavalavu, toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Kwa ana athu, kamene kamawonongeka kawirikawiri ndi ka mitral, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi zimene sizinalandire mankhwala, zija timangoti n'chisanu cha mu June. Thupi polimbana ndi tizilomboto limavulazanso kachitseko kake komwe, kenako mwana amayamba befu, kutupa miyendo ndi kulephera kugona chagada. Si zolodzedwa ayi.

Pa opaleshoni amatsegula fupa la pachifuwa, makina n'kumayendetsa magazi pamene iwo akukonza kachitsekoko kapena kuikapo kena. Fupalo limalumikizana pakatha masabata 6 mpaka 8. Ngozi ilipo, sindikubisirani, koma kuchedwetsa kumatopetsa mtima mpaka madokotala kusowa pogwira.

Chimene ndikufuna mukambirane bwino ndi adokotala ku Kamuzu Central ndi mtundu wa valavu, chifukwa wanuyo ndi mtsikana. Yachitsulo imakhala moyo wonse, koma wodwala amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse osadumphitsa, n'kumayezetsa magazi, amati INR, kuti asaundane kapena kusungunuka kwambiri. Warfarin ameneyu amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Valavu ina amaipanga kuchokera ku ng'ombe kapena nkhumba, siifuna warfarin wa moyo wonse, koma kwa achinyamata imatha msanga, ndiye kudzafunika opaleshoni yachiwiri. Afunseninso ngati yake yobadwa nayo ingakonzeke osaichotsa. Mtsikanayo akhalepo pokambiranapo, thupi ndi lake.

Ife titasankha yachitsulo, chinatisautsa kwambiri si bala, koma ndalama za minibasi yopitira kokayezetsa INR. Zimenezo muziwerengeretu. Ndiwo zamasamba monga nkhwani, mpiru ndi bonongwe azidya, koma mofanana masiku onse, osati lero poto yonse mawa ayi, chifukwa zimasintha mphamvu ya warfarin. Mankhwala azitsamba asayerekeze.

Odwala ambiri otere boma limawatumiza ku India, ndipo mndandanda umayenda pang'onopang'ono. Podikirapo asaphonye jakisoni wa benzathine wa pamwezi, ngakhale amawawa, ndi amene amateteza kuti kachitsekoko kasawonongekenso. Mano akamuvuta apite kuchipatala msanga ndipo akanene kuti ali ndi vuto la mtima. Zikalata za echo, kuunika mtima ndi makina, muzisunge mu pulasitiki pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, azidzazifunsa paliponse.